Chidindo Chobiriwira cha Che Zubairu

Mlamu wanga a Elliam ukawapatsa chithunzi amayamba achitembenuza. Sindikukokomeza. Pa ukwati wa mwana wa achimwene athu tinawapatsira chithunzi cha akwati kuti aone, iwo n'kuyang'ana kumbuyo kumene kunalibe kanthu, n'kuchipendeketsa padzuwa, n'kutibwezera. Nkhope za akwatiwo anachita kukumbutsidwa.

Ntchito yawo ndi yokhoma ndowa, mbaula ndi zitini zothiririra mbewu, pa Ulongwe kuseri kwa pamene pamaima maminibasi. Kwawo ndi ku Utale, koma agogo awo anachokera ku Mozambiki. Anakwatira achemwali anga a Nelia ine ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo ine ndi iwo timangokhalira kunyogodolana monga chilamu chimafunira. Iwo amati ndine mkazi wawo wamng'ono amene anamusiya chifukwa cha ulesi. Ine ndimawatcha a Chidindo, ndipo dzinali linafala msika wonse moti makondakitala ena sadziwa kuti ali ndi dzina lina. Ndimagulitsa tomato ndi anyezi chapafupi pomwepo, choncho nyundo yawo ndimaimva kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Dzina la Chidindo linabwera chifukwa cha makhadi a osewera mpira. Obadwa mochedwanu simungawadziwe. Chaka cha chilala chija cha 1992, mmwenye wina wa holoselo ku Balaka anaona kuti sopo wake sakuyenda, anthu akungoganiza za chimanga. Ndiye anatuma wojambula zithunzi kuti azungulire pa njinga m'mabwalo a mpira a ku Utale, Phalula, Ulongwe ndi pa Balaka pomwepo. Anajambula anyamata makumi awiri ndi anayi, ambiri opanda nsapato, wina atavala malaya a kutchalitchi chifukwa yunifolomu inali isanaume. Zithunzizo anazisindikiza pa timapepala tolimba, tokulirapo pang'ono kuposa bokosi la machesi, n'kugawira eni magolosale amene ankaoda katundu kwa iye. Ukagula sopo wochapira, ankakuponyera khadi limodzi pa kauntala.

Kumbuyo kwa makhadiwo mmwenyeyo sanalembeko kanthu. Eni magolosale anaona mpata, aliyense n'kuyamba kudindako chidindo cha golosale yake kuti dzina liziyenda ndi ana m'midzi. Ndipo linayendadi, chifukwa ana anapeza masewera. Ankaika makhadi pansi, nkhope zili m'mwamba, n'kumenya dothi ndi chikhatho pambali pake. Khadi likatembenuka ndi mphepo ya dzanja, linali lako. Makhadi ambiri anathera m'fumbi momwemo, ena anadyedwa ndi chiswe, ena ndi mbuzi.

A Elliam anali ndi zaka khumi ndi chimodzi nthawi imeneyo. Anasewera ngati anzawo onse, n'kukula, n'kuiwala. Mayi awo atamwalira ndi pamene anapeza makhadi atatu m'buku lawo la nyimbo, onse a munthu mmodzi, goloboyi wa ku Phalula dzina lake Noah. Nkhope inali imodzi, koma kumbuyo kunali kosiyana konse kutatu. Akuti anakhala pasiwa akuwatembenuza mpaka azakhali awo anawatsina pantchafu. Matenda anayambira pamenepo.

Kuchokera apo, aliyense wa imvi pang'ono wobwera ndi ndowa yobooka amafunsidwa kaye za makhadi. Akakhala nalo ngakhale limodzi, ndowa imamatidwa ulere. Awapeza m'Mabaibulo, kuseri kwa magalasi odziyang'anira, pansi pa masutikesi a akufa. Limodzi analipeza m'chipewa cha mkulu wina wa ku Phalula, amene analipinda n'kulilowetsa m'mphepete kuti chipewacho chisamagwe. Nkhope zonse makumi awiri ndi zinayi anazikwanitsa kalekale ndipo sazitchulanso n'komwe. Chawo ndi kumbuyo.

Mukawapeza atapumula, amakutsegulirani bokosi lawo la malata n'kukuyambani phunziro. Pali chidindo cha golosale ya Tiyanjane ya ku Phalula, chimene mwini wake anachisema yekha pa patapata wakutha, moti ukayang'anitsitsa mizere ya patapatayo imaoneka pakati pa zilembo. Pali cha ku Utale, cha munthu amene inki itamuthera anathira jivi, mankhwala opaka pa zilonda aja. Chimenechi n'chapepo, ndipo chikagwidwa ndi dzanja lathukuta chimasiya mtundu pachala mpaka lero. Golosale ina ya pa Balaka inagwetsa chidindo chake n'kung'aluka pakati, eni ake n'kumangodindabe. A Elliam amawerengera chisanang'aluke pachokha, chitang'aluka pachokha, ndipo anakanganapo ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito pa nkhani imeneyi mpaka phala lomatira malata linazizira, moto utazima. Koma makhadi odindidwa chozondoka amawakana, amati kumeneko ndi kugona kwa wodindayo basi, chidindo n'chomwecho. Zonse pamodzi, zidindo zimene ali nazo ndi zisanu ndi chimodzi.

Ndimawaseka, inde, koma ndisaname, ndimamvetsera. Ndinakafikapo pa malo amene panali golosale ya Tiyanjane dala, popita kukaoda anyezi, kungofuna kuona pamene munthu anakhala pansi n'kusema patapata. Pano pali chigayo. Sindinawauze kuti ndinapitako.

Tsono panali chidindo chachisanu ndi chiwiri, ndipo ndi chimene chinkawasowetsa mtendere. A Elliam ankanena kuti chaka chomwe chija anakwera lole ndi mayi awo kukafuna chimanga. Lole itaima penapake, mayiwo anagula sopo, khadi n'kupatsa mwana. Kumbuyo kwake kunali chidindo cha inki yobiriwira, ndipo pamwamba pa dzina la golosale panali mzere wa zilembo zopindikapindika zimene sanathe kuwerenga. Khadilo anakhala nalo mwina ola limodzi. Mayi ali pamzere wa chimanga, iwo anasewera ndi anyamata a pamalopo, chikhatho chimodzi khadi linapita. Dzina la golosale sanaligwire. Chimene anagwira m'mutu ndi chakuti kunali ku Balaka.

Zaka makumi awiri akhala akufunsa ku Balaka. Palibe anaonapo chidindo chobiriwira. Mphunzitsi uja ananena poyera kuti zidindo ndi zisanu ndi chimodzi basi, chinacho ndi maloto a mwana wanjala. Mawuwo anafika pamsika, ndipo ine ndinawathandiza kufala. Munthu akanena bodza tinkati, "Chimenecho n'chobiriwira." A Elliam ankaseka nafe, koma m'bokosi mwawo anasiya kampata kopanda kanthu kumapeto kwa mzere, ndipo chimene ankafuna pamoyo wawo chinali khadi limodzi lokha loti aikepo.

Mwezi wa Okutobala chaka chatha, pambali panga pamsika panakhala mayi wina watsopano wogulitsa usipa, a Fauziya. Anabadwira pa Ulongwe pomwepa koma anakwatiwa ku Mangochi ali mtsikana, ndipo anabwerera amuna awo atamwalira. Lachinayi lina malonda atazizira, ndinayamba kutsanzira a Elliam kuti amayi aseke. Ndinatenga tsamba la kabichi, n'kulitembenuza, n'kulipendeketsa padzuwa, n'kulengeza ndi mawu aakulu kuti chobiriwira chija chapezeka. Amayi anagwa nako kuseka. A Fauziya sanaseke. Anadikira kuti phokoso lithe, n'kundikodola.

"Mwati inki yobiriwira? Zilembo zopindika pamwamba?"

"Eya, ndi maloto a alamu anga amenewo."

"Iyayi, si maloto. Chinali cha bambo anga chimenecho, Che Zubairu. Golosale yawo inali apo."

Analoza kanyumba kamene anyamata amatchajitsako mafoni. Kuchokera pashedi ya a Elliam kukafika pamenepo, ngakhale mwana wokwawa sangatope. Lole ija inaima pa Ulongwe, osati ku Balaka. Munthu wakhala akukwera minibasi zaka makumi awiri kukafunsa chinthu chimene anachisiya kuseri kwa msana wake. Ndinafuna kuseka koma kuseka sikunabwere.

A Fauziya anandifotokozera akutembenuza usipa pathandala. Bambo awo anakasemetsa chidindo ku Mangochi, ndipo pamwamba anauza wosemayo kuti alembe Bismillah m'Chiarabu, ndiko kuti m'dzina la Mulungu, monga analembera pamwamba pa chitseko cha golosale kuti malonda adalitsike. Za masewera a ana sanaziganizire. Patatha masiku asanu ndi anayi, akuchokera ku swala kumzikiti, anapeza ana atazungulira makhadi m'fumbi, akumenya dothi, wina ataponda khadi lake ndi phazi kuti anzake asalande. Dzina la Allah lili pansi pa phazi, atalidinda iwo eni ndi dzanja lawo.

"Kwathu pepala lokhala ndi dzina limenelo siligwa pansi," anatero a Fauziya. "Ukalipeza panjira umalitola. Likatha ntchito sulitaya kudzala, umalipereka kumzikiti, amalisunga, kenako amakalikwirira pamalo oyera. Bambo anatseka golosale masiku atatu, n'kumayenda m'midzi ndi thumba la maswiti. Khadi limodzi, maswiti awiri. Ana anabweza mosangalala. Anawaika m'chitini cha mabisiketi n'kukapereka kumzikiti, ndipo sanafune kuti nkhaniyi izitchulidwanso. Anachita nayo manyazi mpaka imfa yawo."

"Ndiye anakwiriridwa kalekale?"

"Akanayenera. Koma chitini chinaiwalika pamwamba pa siling'i ya kumzikiti. Sabata yatha akuchotsa malata akale mvula isanayambe, Che Nasiru, osamala mzikitiwo, anachipeza pamodzi ndi matumba a mapepala a ku madarasa. Anandiitana kuti ndidziwe. Akwirira zonse Loweruka likubwerali, dzuwa lisanakwere."

Ndinasiya tomato m'manja mwa mnzanga, n'kuthamanga. A Elliam poyamba anayesa ndi chilamu, ndipo sindiwadzudzula. Ndinachita kulumbira pa manda a mayi athu. Anaika nyundo pansi pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kanyumba kotchajira mafoni kaja nthawi yaitali, kukamwa kuli yasa. Kenako anavula epuloni, ananyamula bokosi lawo kukhwapa, tinanyamuka atatu ndi a Fauziya kupita kumzikiti.

Che Nasiru ndi mkulu wowonda, wa ndevu zoyera, amene amaitanira anthu ku swala ndi kusamala mzikiti. Kale anali telala, ndipo amayang'ana munthu ngati akumuyeza. Anatilandira pakhonde la kanyumba kosungiramo katundu, pambali pa mzikiti. A Fauziya anawalonjera m'Chiyao, n'kufotokoza chimene tabwerera. Mkuluyo anamvetsera osadula mawu, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ketulo ya madzi kaye, chitini pambuyo.

"Bambo, musambe m'manja."

A Elliam anasamba mpaka m'zigongono, katatu, madzi akuyenda akuda ndi mwaye wa malata. Anapukuta pa malaya, kenako anaona kuti malayawo ndi akuda, n'kusambanso.

M'chitini munali makhadi makumi atatu ndi mphambu. Ambiri anamatana ndi chinyontho n'kusanduka chibuma chimodzi, koma asanu ndi anayi anali abwino. Che Nasiru anatola limodzi n'kuwapatsira ndi manja awiri. Kutsogolo kunali mnyamata wa ku Utale amene ndinamuzindikira, pano ndi mkulu wa mpingo. A Elliam anatembenuza. Inki yobiriwira, yozilala pang'ono, dzina la Che Zubairu pakati, mzere wopindika pamwamba. Ine misozi inalengeza m'maso, chifukwa ndinakumbukira kuchuluka kwa masiku amene ndinamutcha munthuyu wabodza anthu akuseka.

Ndinapempha kuti ndijambule ndi foni, Che Nasiru analola. Pofika madzulo chithunzicho chinali chitazungulira msika wonse mpaka kwa mphunzitsi uja ku Phalula. Zoti chidindo chilipo zinatha tsiku lomwelo. Koma pakhonde paja zinthu zinali zitapotoka kale.

Chimwemwe chitawakwera, a Elliam anatsegula bokosi lawo kuti aonetse mkuluyo zidindo zinazo. Pakhonde panalibe tebulo. Anachita monga amachitira masiku onse pashedi: ananjuta, anapukuta simenti ndi chikhatho, n'kuyamba kundandalika makhadi pansi. Cha patapata, cha jivi, chong'aluka, mpaka asanu ndi limodzi. Kenako dzanja linapita lokha, lili ndi khadi lobiriwira, kumapeto kwa mzere.

"Subhanallah!" anakuwa a Fauziya.

Che Nasiru, ndi ukalamba wawo wonse, anagwira dzanja la a Elliam lisanafike pansi. Sanakalipe. Anangotenga khadilo, n'kulibwezera m'chitini, n'kutseka.

"Mwaona, bambo? Che Zubairu anayenda masiku atatu padzuwa chifukwa cha chimenechi."

A Elliam anapepesa mpaka ine ndinachita manyazi m'malo mwawo. Atatha kupepesa, analimba mtima n'kupempha khadi limodzi loti asunge. Ndinawatsina kuti chithunzi cha pafoni chakwana, koma anandiyankha mosatembenuka kuti chithunzi sungachitembenuze. Che Nasiru anafunsa kumene amasunga bokosi lawo kunyumba. Anati pansi pa bedi. Mkuluyo anapukusa mutu.

"Sindikukukanizani chifukwa ndinu Mkhristu, musandimve molakwa. Mwasamba m'manja bwino kuposa ana anga ena. Bwerani Loweruka m'mawa, mudzandionetse pamene lingakhale. Ndikadzaona, tidzakambirana."

Lachisanu lonse a Elliam sanakhudze ndowa ya munthu. Makasitomala ankabwera n'kubwerera. Ndinkasuzumira ndikudutsa, ndikuona akudula tizidutswa ta malata atsopano, osati zotsalira zimene amakhomera mbaula. Anatuma munthu kukadulitsa magalasi awiri ofanana. Pofika madzulo anali atapanga kabokosi kopyapyala, galasi kutsogolo galasi kumbuyo, kokhala ndi kampini pamwamba kozungulira, kuti munthu akakoloweka pakhoma azitha kutembenuza khadi osalikhudza. M'mphepete anapinda mwaluso moti chala sichikanachekeka. Pa zinthu zonse zimene ndinawaonapo akupanga, chimenechi chinali chokongola koposa. Achemwali anga a Nelia anabwera kudzaona, anati akanakhala kuti amasamala chonchi pokonza denga la kukhitchini bwenzi asakunyowa, koma nawonso anakagwira nthawi yaitali.

Loweruka tinafika dzuwa likungotuluka. Kuseri kwa mzikiti, pakona ya mpanda pamene anthu sadutsapo, amuna awiri anali atakumba dzenje lofika m'chiuno. Mapepala a ku madarasa anali atakulungidwa m'nsalu yoyera. Chitini chinali pa mpando, pambali pa Che Nasiru. A Fauziya anaima chapatali ndi ine.

Mkuluyo analandira kabokosi kaja, anakazunguza pa mpini wake, anayendetsa chala m'mphepete monga telala amayendetsera pa msoko. Anafunsa kuti kadzakhala pati. A Elliam anati pabalaza, pamwamba pa chitseko cha kuchipinda, pamene ngakhale iwo eni amafikapo atakwera pampando, ndipo msomali akhoma kale. Che Nasiru anagwedeza mutu, n'kutsegula chitini. Ndinaona zala zawo zikusankha khadi labwino koposa.

"Funso limodzi lokha, bambo. Ine ndi inu tonse tikupita. Inu mukadzapita, kabokosi aka kadzatsala m'manja mwa ndani?"

Ndinkadziwa chimene a Elliam akuwerenga m'mutu. Ana awo awiri ali ku Joni ndipo makhadi amawatcha zinyalala za adadi. A Nelia ndi akazi abwino, koma ananenapo kangapo kuti tsiku la maliro awo bokosi lija lidzatsogola kulowa m'manda. Munthu wina akananama, akanatchula dzina lililonse. A Elliam satha kunama pa nkhani ya makhadi. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana ine.

"Mlamu," anatero. "Inu?"

Anthu onse anandiyang'ana, amuna okumba aja atatsamira makasu awo. Zaka makumi awiri munthuyu akandifunsa kanthu pagulu, ine ndimabweza chonyogodola, iwo n'kubwezanso, anthu n'kuseka. Pakamwa panga panazolowera njira imeneyo, ndipo panayankha mutu usanaganize.

"Ine? Ndidzaliika pansi pa mwendo wa tebulo langa la tomato, paja limagwedera."

Palibe anaseka. A Fauziya anagwira pakamwa. Ndinamva mawu anga akubwerera m'makutu mwanga.

"Pepani, bambo, ndi chilamu chabe," ndinatero mofulumira. "Ndi alamu anga awa, timangocheza choncho. Ndidzalisunga. Ndikulonjeza pamaso pa Mulungu, ndidzalisunga pamwamba."

Che Nasiru anandiyang'ana mopanda mkwiyo, ndipo zikanakhala bwino akanakwiya.

"Chilamu ndimachidziwa, mayi, nafenso tili nacho. Mwina mukunena zoona tsopano. Koma mwandipatsa mayankho awiri, ndipo ine sindidzakhalapo kuti ndione limene lidzachitike. Che Zubairu anasiya chitini ichi kuti dzinali lisadzagwenso pansi. Sindingachitsegule pa mwina."

Anabwezera khadi lija, anatseka chitini, n'kubweza kabokosi ka magalasi kwa mwini wake ndi manja awiri. Ndinayang'ana a Fauziya kuti andithandize, poti makhadiwo anali a bambo awo. Anayang'ana pansi. Sindinawaimbe mlandu.

A Elliam sanatsutse. Anapempha chinthu chimodzi, kuti awalole kutembenuza makhadi asanu ndi anayi aja kamodzi komaliza. Anasambanso m'manja, anaima chilili, n'kumatenga limodzilimodzi m'chitini chili m'manja mwa Che Nasiru. Pa lachisanu ndi chiwiri anaima.

"Taonani, bambo. Ili inki inachepa chakumanzere. Ndiye kuti ankadinda ambiri asanavikenso."

"Ankadinda asanuasanu," anayankha a Fauziya ali patali. "Ine ndi amene ndinkawayalira pa kauntala."

A Elliam anagwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa chinthu, n'kubweza khadilo. Chitini chinakulungidwa m'nsalu pamodzi ndi mapepala ena, amuna aja anachitsitsira m'dzenje, Che Nasiru akunena mawu a pemphero chapansipansi. Dothi litayamba kugwa ine ndinatembenuka, sindinathe kuyang'ana.

Pobwerera tinayenda awiri m'mphepete mwa msewu, iwo patsogolo, kabokosi kopanda kanthu kali m'dzanja. Ndinkafuna andinyoze. Ndinkafuna anditche waulesi, wapakamwa, chilichonse choti ndibweze kapena ndilire. Ndinapepesa kawiri, iwo anangoti, "Zachitika, mlamu." Titayandikira pamsika anaima n'kundifunsa, nkhope ili bwinobwino, mopanda chilamu m'kati mwake.

"Tebulo lija limagwederadi?"

Ndinati inde, chifukwa limagwederadi.

Lolemba ndinafika pamsika m'mawa ndi dengu langa la tomato. Ndinapeza tebulo litaima nji. Mwendo waufupi uja unali utavekedwa kachitsulo kopindidwa bwino, kokhomedwa ndi misomali inayi, m'mphepete mosalala moti chala sichingachekeke. Ndinalikankha uku ndi uku, silinasunthe. Kuseri kwa maminibasi nyundo inali itayamba kale kulira. Ndinakhala pansi pambali pa tebulolo n'kulira, makasitomala akudikira.